Moto watsala wochuluka bwanji? Zimene geji ya njinga yamagetsi iyenera kutiuza

Tsiku lina madzulo, ndikuchokera ku Limbe, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto yoyendera magetsi. Kanali koyamba kukwera njinga yotere, ndiye maso anga anali pa kasikirini kamene kali pakati pa zogwirira. Panali chithunzi cha batire chokhala ndi malo a timizere tisanu, koma toyaka tinali tiwiri tokha.

"Achimwene, koma tikafika?" ndinafunsa.

"Musadandaule bwana, tiwiri iti ndi ulendo ndithu," anatero uku akundipatsa chipewa.

Poyamba zinthu zinali bwino. Njinga inkangoyenda mwakachetechete, kumangomveka matayala pa phula. Koma msewu wopita kwathu uli ndi chitunda chachitali. Titafika pakati pake, kamzere kamodzi kanazima, kotsalako kanaphethira kawiri, kenako njinga inangoti zii. Kumbuyo kwathu kunali lole ya njerwa, dalaivala akuliza hutala. Tinatsika mwachangu n'kukankhira njingayo m'mbali mwa msewu, mtima uli m'mwamba.

Patapita mphindi ziwiri, mkulu uja anazimitsa kiyi n'kuyatsanso. Timizere tiwiri tija tinabwerera ngati palibe chachitika.

"Mwaona bwana? Njingayi ndi yabwino, siidya ndalama ngati ya petulo, koma geji yake ndi yabodza. Yakale ija ikamatha mafuta ndinkangoika pa rizevu, basi."

Ulendo ndinamaliza wapansi, ndipo iwo anakana kulandira ndalama yanga. Njira yonse ndinkadzifunsa mafunso awiri, ndipo ndi amene tikambirane lero. Kodi geji ija inanamadi? Nanga njinga yamagetsi iziuza bwanji woyendetsa moto umene watsala ndi mtunda umene angayende?

Nzeru ya kampopi ka rizevu

Tiyambe ndi njinga ya petulo imene mkulu uja ankaisowa. Pa njinga zambiri za kabaza, pansi pa thanki pali kampopi kolembedwa ON, RES ndi OFF. Mkati mwa thanki, kampopi aka kali ndi makomo awiri olowera mafuta. Khomo lina lili pamwamba pa kapaipi kotalikirapo, lina lili pansi penipeni. Kampopi kakakhala pa ON, mafuta amalowera pa kapaipi kaja. Mafuta akatsika kufika pansi pa kamwa ya kapaipiko, injini imayamba kutsamwa. Woyendetsa amagwira kampopi n'kukapotolera pa RES, mafuta n'kuyamba kulowera pa khomo lapansi lija. Apa amakhala atatsala ndi lita imodzi, awiri kapena kupitirirapo pang'ono, malingana ndi mtundu wa njinga.

Taonani bwino: rizevu si thanki ina ayi. Thanki ndi imodzi yomweyo. Chimene kampopi kamachita ndi kukakamiza munthu kuti adziwe. Sungaphonye chenjezo lake, chifukwa njinga imatsamwa ndipo dzanja lako lomwe ndi limene limapotola. Ukapotola umadziwa kuti tsopano ulendo ndi wa ku filing'i siteshoni, kwina konse kudikire. Ukakayika, umatsegula thanki n'kusuzumira, kapena kugwedeza njinga n'kumvetsera.

Batire silingasuzumiridwe. Lodzaza ndi lopanda moto amaoneka chimodzimodzi, amalemeranso chimodzimodzi. Nambala iliyonse imene mumaona pa sikirini, kaya ya njinga kaya ya foni, ndi yochita kuyerekeza. Amene amayerekeza ndi kakompyuta kakang'ono kokhala pa batire, kotchedwa BMS, kamene kamayang'aniranso chitetezo cha batirelo. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zoyerekezera.

Njira yoyamba: kuyeza voltage

Iyi ndi njira yotchipa, ndipo timageji tambiri ta timizere timagwiritsa ntchito imeneyi. Batire la njinga limapangidwa ndi maselo ambiri a lithium olumikizidwa pamodzi. Selo ya mtundu wotchedwa NMC ikadzaza imakhala ndi 4.2 V, ndipo ikamatha imatsika kufika cha m'ma 3.0 V. Mukalumikiza maselo 20 mondondozana, mumapeza batire limene amalilemba kuti ndi la 72 V: lodzaza limawerenga 84 V, likamatha limawerenga pafupifupi 60 V. Ndiye geji imangogawa kusiyana kwa 24 V kumeneku m'timizere tisanu. Zophweka, eti?

Vuto lake nali. Batire lililonse lili ndi resistance mkati mwake. Current ikamatuluka, gawo lina la voltage limathera mkati momwemo. Amene mwaphunzira zamagetsi mu fizikisi mukukumbukira kuti V = E − Ir. Tiyerekeze kuti r ya batire lathu ndi 0.1 ohm. Pamalo a fulati njinga ikukoka 10 A, ndiye voltage yatsika ndi 1 V yokha. Pachitunda, ndi anthu awiri pampando, ikukoka 60 A, ndiye yatsika ndi 6 V. Pa 24 V paja, 6 V ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kamzere kathunthu kazimiratu pamenepo, chikhalirecho moto m'batire sunathe.

Zili ngati mipopi ya madzi m'dera. M'mawa aliyense akatsegula mpopi wake nthawi imodzi, madzi amatuluka mofooka ngakhale thanki ya pa phiri ili ndi madzi. Anthu akatseka, mphamvu imabwerera.

Izi ndi zimene ziyenera kuti zinatichitikira pachitunda paja. Batire linali kale ndi moto wochepa. Njinga itakoka current yambiri, voltage inagwa kufika pa malire amene BMS imakana kupitirira, chifukwa selo ya lithium ikatsitsidwa kwambiri imawonongeka. BMS inadula magetsi kuti ipulumutse batire. Titaima, current inasiya kutuluka, voltage inakweranso, timizere tiwiri n'kubwerera. Geji sinaname kwenikweni. Inkayankha funso lakuti "voltage ndi ingati pakali pano?" pamene woyendetsa ankafunsa lakuti "kodi ndikwera chitunda ichi?"

Palinso mtundu wina wa maselo wotchedwa LFP, umene uli ndi lithium, chitsulo ndi phosphate. Opanga ambiri amaukonda chifukwa umakhalitsa, sugwira moto msanga, ndiponso sufuna cobalt, mwala umene ndi wodula. Koma voltage ya LFP imangokhala cha m'ma 3.2 V mpaka 3.3 V pa gawo lalikulu la ulendo wake, n'kudzagwa mwadzidzidzi kumapeto. Kuyeza moto wa LFP ndi voltage kuli ngati kuyenda pamwamba pa tebulo mutatseka maso: paliponse m'pofanana mpaka mutafika m'mphepete.

Njira yachiwiri: kulemba m'kaundula

Ganizirani mlembi wa banki m'khonde. Satsegula bokosi nthawi zonse kuti awerenge ndalama. Amalemba zolowa ndi zotuluka, n'kuchotsera. BMS yabwino imachitanso chimodzimodzi. Imayeza current imene ikutuluka kapena kulowa, kangapo pa sekondi iliyonse, n'kumaichulukitsa ndi nthawi. Ndi Q = It imene mumaidziwa ija. Njira iyi imatchedwa coulomb counting, potengera dzina la Charles-Augustin de Coulomb, katswiri wa sayansi wa ku France.

Tiyerekeze kuti batire lathu ndi la 40 Ah. Njinga yakoka 20 A kwa theka la ola, ndiye kuti yadya 10 Ah. Zatsala 30 Ah, omwe ndi 75 peresenti. Ubwino wake ndi wakuti nambala iyi siidumphadumpha mukafika pachitunda. Imangotsika mofulumirapo, ndipo zimenezo ndi zoona.

Koma kaundula nayenso amasochera. Kachipangizo koyeza current kakamalakwitsa pang'ono chabe, zolakwazo zimaunjikana tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, batire limakalamba. Limene linkasunga 40 Ah lili latsopano, patapita zaka likhoza kumasunga 32 Ah zokha. Kakompyuta kakapitiriza kuganiza kuti bokosi ndi la 40, batire lidzatheratu sikirini ikuonetsa 8 pa 40, omwe ndi 20 peresenti. Ngati munaonapo foni yakale ikuzima ili pa 20 peresenti, ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zake.

Mlembi wanzeru amatsegula bokosi nthawi ndi nthawi kuti aone ngati ndalama zikugwirizana ndi buku. Kwa batire, nthawi imeneyo ndi pamene latchajidwa mpaka kudzaza, chifukwa apo voltage imanena momveka kuti tafika pa 100. N'chifukwa chake kampani ya Tesla imalangiza eni magalimoto ake a mabatire a LFP kuti azitchaja mpaka 100 peresenti pafupipafupi. BMS zapamwamba zimaphatikiza njira ziwiri zonsezi, kuwonjezerapo kutentha kwa batire. Zambiri zimagwiritsa ntchito masamu otchedwa Kalman filter, amene Rudolf Kalman anawafalitsa mu 1960. Masamu omwewo anathandiza zombo za Apollo kudziwa pamene zili paulendo wa ku mwezi.

Peresenti si makilomita

Tsono tinene kuti peresenti yathu ndi yolondola. Woyendetsa safuna peresenti kwenikweni. Akufuna kudziwa ngati akafike.

Mphamvu yonse ya m'batire timaipeza pochulukitsa voltage ndi Ah: 72 × 40 = 2,880 Wh. Tiyerekeze kuti pamsewu wabwino njinga imadya 40 Wh pa kilomita iliyonse. Batire lodzaza liyenda makilomita 72. Ikamadya 60 Wh pa kilomita, chifukwa cha thumba la chimanga, mchenga kapena matayala opanda mpweya wokwanira, batire lomwelo liyenda makilomita 48 okha. Liwiro nalo limadya kwambiri: mukathamanga kuwirikiza kawiri, mphepo imakukankhani kuwirikiza kanayi.

Chitunda ndiye chimaposa zonse. Tengani msewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, wa makilomita pafupifupi 50, wodutsa m'makhotakhota a ku Thabwa. Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000. Ndiye kuti mukukwera mamita 900. Njinga, woyendetsa ndi kasitomala tinene kuti akulemera makilogalamu 250. Tigwiritse ntchito mgh: 250 × 10 × 900 = 2,250,000 J. Popeza 1 Wh ndi 3,600 J, apa tapeza 625 Wh. Imeneyi ndi mphamvu yongonyamulira katunduyo m'mwamba, tisanawerengere imene imatayika ngati kutentha mu mota ndi m'mawaya.

Tsopano onani msampha wake. Wakabaza ali ku Chikwawa, batire lili pa 80 peresenti, omwe ndi 2,304 Wh. Geji yagawa ndi 40 n'kumuuza kuti ayenda makilomita 57. Iye akuti, "Blantyre ndi 50 basi, ndikafika." Koma ulendowo ukufuna 2,000 Wh ya msewu kuphatikizapo 625 Wh ya chitunda, zonse pamodzi 2,625 Wh. Safika. Ndipo ngati geji imayerekeza potengera makilomita amene wangoyenda kumene, ndiye kuti imunamiza koposa, chifukwa m'mawa anabwera motsetsereka, njinga isakudya moto wambiri.

Vuto ili si la njinga zokha. Eni galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf anapatsa nambala ya makilomita pa geji yawo dzina lachipongwe lakuti guess-o-meter, kutanthauza mita yongolota. Opanga Chevrolet Bolt anasankha kuonetsa manambala atatu: mtunda wapakati, wautali ngati muyendetsa mofatsa, ndi waufupi ngati muyendetsa modya moto. Kumeneko ndi kuvomera poyera kuti kakompyuta sikadziwa msewu umene uli kutsogolo.

Ndiye sikirini izionetsa chiyani?

Nditaganizira zonsezi, ine ndikuona kuti njinga yamagetsi iyenera kuonetsa zinthu zinayi.

Choyamba, peresenti yolembedwa m'manambala akuluakulu, yochokera pa kuwerenga current, yosasintha chifukwa choti munthu wawonjezera liwiro. Timizere tisanu n'tochepa. Pa batire lathu lija, kamzere kamodzi kakuimira makilomita 14, ndipo sudziwa ngati kangoyamba kumene kapena katsala pang'ono kuzima. Manambalawo azioneka padzuwa la mu Okutobala ngakhalenso usiku, poyang'ana kamodzi kokha. Kumbukirani kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Munthu alibe mpata wowerenga tizilembo ting'onoting'ono.

Chachiwiri, mtunda wotsala uzionetsedwa m'manambala awiri, mwachitsanzo 35 mpaka 55. Nambala yaing'onoyo ikhale ya ulendo wovuta, wa katundu ndi zitunda. Woyendetsa ndiye amadziwa msewu, ndiye asankhe yekha nambala yoti aikhulupirire.

Chachitatu, thanzi la batire, kutanthauza kuchuluka kwa mphamvu imene limasunga lero poyerekeza ndi pamene linali latsopano. Izi n'zofunika kwambiri kumene oyendetsa amasinthitsa mabatire m'malo motchaja. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, kampani ya Ampersand ili ndi malo amene wakabaza amasiya batire lotha n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, ndipo kampani ya Spiro imachitanso zomwezo m'mayiko monga Benin, Togo ndi Kenya. Pa dongosolo lotere, batire la masana si limene unali nalo m'mawa. Onse awiri akhoza kulemba 100 peresenti, koma ngati lina ndi lokalamba, 100 wake ndi wamng'ono.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chachikulu kwa ine, ndi rizevu yeniyeni. Moto ukafika pa 20 peresenti, nyali iyake ndipo kabelu kalire, chifukwa maso a woyendetsa amakhala pamsewu. Ukafika pa 10 peresenti, njinga ichepetse mphamvu pang'onopang'ono mpaka woyendetsa amve m'thupi kuti zasintha, ndipo chenjezo lisasiye kufikira atadina batani losonyeza kuti wamva. Batani limenelo ndiye kampopi kathu ka RES. Nissan Leaf imayatsa chithunzi cha kamba ikachepetsa mphamvu chonchi, ndipo ndi chithunzi chimene aliyense angachimve popanda kuwerenga. Kuchepetsa mphamvu kuli ndi phindu linanso la sayansi: current ikachepa, Ir imachepa, voltage siigwa kufika pa malire, ndiye BMS siidula magetsi mwadzidzidzi. Njinga yathu ija ikanakhala yotere, bwenzi titakwera chitunda chija mwaukamba, koma osaima kutsogolo kwa lole. Nyali ndi maindiketa zizikhala zomaliza kuzima.

Rizevu yobisika kapena yoonekera?

Mnzanga wina amene amaphunzitsa masamu anandiuza kuti njira yosavuta ndi kubisa moto wina pansi pa ziro. Sikirini izilemba 0 batire likadali ndi makilomita angapo, kuti woiwalaiwala apulumuke. Magalimoto ena amagetsi amachitadi zimenezi.

Ine sindikugwirizana naye. Kuteroko kuli ngati kupititsa wotchi patsogolo ndi mphindi khumi kuti usamachedwe kusukulu. Sabata yoyamba zimathandiza. Sabata yachiwiri umakhala wadziwa kale, ndipo umayamba kuchotsera mphindi khumizo m'mutu. Akabaza amakambirana pa siteji. Mmodzi akangotulukira kuti ziro si ziro, onse adzayamba kuyenda pa ziro, ndipo palibe adzadziwe pamene ziro weniweni ali.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali kagawo kamene BMS imasunga pansi penipeni kuti maselo asawonongeke. Kameneko si ka woyendetsa, ndipo sikayenera kuwerengedwa n'komwe. Ndiye pali rizevu ya woyendetsa, imene iyenera kuonekera, ili pamwamba pa ziro, ndi makilomita ake olembedwa. Ziro akhale ziro.

Mnzangayo anatinso, "Koma rizevu yakoyo siwonjezera moto ngakhale pang'ono." Zoona. Kampopi ka petulo nakonso sikawonjezera dontho la mafuta. Ntchito yake ndi kudziwitsa munthu nthawi ikadalipo yoti achitepo kanthu.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Njinga ya petulo ikakuthera panjira, mnzako amabwera ndi botolo la mafuta, mphindi zisanu wanyamuka. Yamagetsi ikakuthera, uyenera kuikankha mpaka pamene pali soketi, udikire maola, ndipo ngati magetsi azima tsiku limenelo ndiye zako zada. Akabaza ambiri amayendetsa njinga za eni ake, ndipo madzulo aliwonse amayenera kupereka ndalama imene anagwirizana.

Munthu wotere akasiya kukhulupirira geji, amayamba kukana makasitomala akutali batire likadali ndi moto wambiri. Amanyamula batire lathunthu, lolemera ndi lodula, koma n'kumagwiritsa ntchito gawo lake lokha chifukwa cha mantha. Geji yonena zoona imamubwezera makilomita amenewo popanda kuwonjezera selo ngakhale imodzi.

Yesani nokha

Mu labu, pemphani aphunzitsi batire la tochi, voltmeter, switch ndi timababu tiwiri. Yezani voltage ya batire switch ili yotsegula. Tsekani switch kuti babu limodzi liyake, muwerengenso. Kenako lumikizani babu lachiwiri mu parallel. Muona nambala ikutsika nthawi iliyonse, ndipo mukatsegula switch ikweranso. Bwerezani ndi batire lakale, muone kuti likugwa kwambiri kuposa latsopano. Chimenecho ndi chitunda chathu chija, chili pa tebulo.

Kunyumba, lembani peresenti ya foni mphindi khumi zilizonse kwa ola limodzi mukuonera vidiyo, ndi ola lina foni ili chete. Jambulani girafu, muyerekeze nthawi imene foni izime. Chenjezo limodzi: musatsegule, kuboola kapena kuwotcha batire la foni kapena la njinga. Batire la lithium likavulazidwa limayaka moto wovuta kuzimitsa.

Mkulu wa kabaza uja ndinakumana nayenso patapita milungu ingapo. Pafupi ndi sikirini anamata kapepala kolembapo manambala ndi bolopeni.

"Nanga ichi n'chiyani, achimwene?"

"Ndimalemba makilomita a pa mita ndikangomaliza kutchaja, bwana. Ndikayenda 45 ndimabwerera, kaya timizere tikuti chiyani. Rizevu yanga ndi imeneyi."

Ndinakwera. Chitunda chija tinachidutsa bwinobwino, ndipo ulendo uno ndalama analandira.